Khadi likukana pa intaneti pomwe ndalama zilimo, a kubanki akungoti "yesaninso mawa"

Nachisale_A25

Odziwa za makhadi a banki ndithandizeni. Khadi la Visa likugwira bwino pa ATM ndi pa makina a m'masitolo muno mu Lilongwe, koma pofuna kulipira mayeso a sukulu yakunja pa intaneti, madola 85, likungolemba "declined". Ndalama mu akaunti zilimo zoposa pamenepo. Ukaimba kubanki mayunitsi amathera kumvera nyimbo, akayankha akuti kwawoko zonse zili bwino, tiyesenso pakatha maola 24. Komanso ulendo umodzi ndalama zinachoka, pomwe a mayesowo akuti sanalandire. Vuto limakhala pati, ndipo munthu afunse chiyani kuti amuyankhe zogwira mtima?

Mbewe_wa_ku_Limbe

Amayi, mawu akuti "declined" sanena kuti wakana ndani, ndipo apa mpamene anthu amatayira masiku. Mukadina kuti mulipire, pempho limadutsa m'manja anayi: webusaiti ya wogulitsa, kampani imene imamulandirira ndalama, Visa kapena Mastercard, kenako banki yanu. Aliyense mwa anayiwa atha kulibweza. Likabwerera kwa awiri oyambawo, kubanki kwanu silifika n'komwe. Ndiye woyankha foni uja akamati zonse zili bwino mwina sakunama ayi, pa kompyuta yake palibe chimene akuona.

Musamufunse kuti "khadi langa latani". Muuzeni tsiku, ola, kuchuluka kwa ndalama ndi dzina la wogulitsa, kenako mufunse ziwiri: kodi pempholo linafika? Ngati linafika, linakanidwa ndi nambala iti? Kukana kulikonse kochokera kubanki kumakhala ndi nambala yake ya manambala awiri. 51 ndiye kuti ndalama zaperewera. 54 khadi latha nthawi, kapena mwalemba molakwika mwezi ndi chaka. 14 mwaphonya nambala ya khadi. 57 ndiye kuti khadi lanu sililoledwa kulipira mwa mtundu umenewo. 61 mwadutsa malire a ndalama, 65 mwadutsa malire a maulendo. 91 makina a banki sanayankhe pa nthawi yake, ndipo pamenepa "yesaninso" ndi yankho loona.

Yosautsa ndi 05, imene amaitcha "Do not honour". Banki yakana koma sinanene chifukwa. Kawirikawiri ndi makina oteteza ku akuba amene aona zachilendo: khadi lozolowera kugula shuga ndi mafuta mu Area 25 mwadzidzidzi likufuna kulipira ku London. Pamenepa woyankha foni woyamba sangathe kanthu, pemphani akulumikizeni ndi a gawo la makhadi, ndi amene ali ndi mphamvu yotsegula.

Akakuuzani kuti pempho silinafike, asiyeni a banki, vuto lili kwa wogulitsa. Manambala 6 kapena 8 oyambirira a khadi amaulula banki ndi dziko limene khadilo linachokera, ndipo ogulitsa ena amakana makhadi a mayiko ena kapena makhadi othiramo ndalama pasadakhale. Ena amakana akaona kuti khadi ndi la ku Malawi koma VPN, pulogalamu yobisa dziko limene muli pa intaneti, ikuonetsa ngati muli ku Germany. Izimitseni, lembani dzina monga momwe lilili pa khadi, ndi keyala imene munapereka kubanki.

Phiri_Mzuzu

A Mbewe afotokoza bwino, koma tisazungulire. Khadi la kuno likamagwira m'sitolo n'kumakana madola, poyambira kukayikira ndi 57 kapena 61, ndipo gwero lake ndi kusowa kwa ndalama zakunja.

Inu mumalipira makwacha, koma banki yanu imayenera kukabweza kwa Visa m'madola enieni. Madolawo ndi amene akhala akusowa zaka zonsezi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, koma mizere yofuna ndalama zakunja m'mabanki sinathe. Ndiye mabanki amaika malire a madola amene khadi limodzi lingagwiritse ntchito pa tsiku ndi pa mwezi, ndipo amawasintha pamene afunira. Chimene chimandinyansa ine n'chakuti uthenga wotsatsa ngongole amatumiza msanga, koma wonena kuti malire atsika ambiri amakaumvera pa kauntala.

Muyambe ndi pulogalamu ya banki ya pafoni, ngati banki yanu ili nayo. Pa gawo la makhadi nthawi zambiri pamakhala poyatsira kugula pa intaneti ndi poyatsira kugula kunja, ziwiri zosiyana. Anthu amayatsa chimodzi n'kumadabwa. Ngati palibe, kalembeni fomu kunthambi.

Kenako mufunse malire anu ndi madola angati, mwezi wake amayamba kuwerenga liti, ndipo mwatsala ndi angati. Tindalama timene timadulidwa tokha mwezi ndi mwezi, monga Netflix, malo osungira zithunzi a Google kapena kutsatsa malonda pa Facebook, timadya malire omwewo mwakachetechete.

Pa 51 napo pali msampha. Titenge kuti dola ili pa K1,750. Madola 85 ndi K148,750, koma banki imawonjezera chindapusa chosinthira ndalama, ndipo akaunti zina zili ndi ndalama yotsalira imene simungaikhudze. Wokhala ndi K150,000 amaona ngati zakwana, khadi n'kumukana.

Ngati ndalama ya mayeso ikuposa malire, musalimbane ndi khadi. Pemphani invoice, chikalata chosonyeza ndalama zimene muyenera kulipira, kwa a sukuluwo, tengani ndi kalata yosonyeza kuti mwalembetsa komanso chitupa chanu, mukapemphe kunthambi kuti atumize kudzera mu banki. Kumeneko nakonso kuli mzere, choncho yambani tsiku lotsekera likadali kutali.

Nachisale_A25

Zikomo kwambiri a Mbewe ndi a Phiri. Nanga zimene zinachoka zija?

NaBanda_Zomba

Achemwali, poyamba dziwani ngati zinachokadi kapena zangogwiridwa. Uthenga wa pafoni sunena zimenezi. Banki ikavomera pempho, imagwira ndalamazo kudikira kuti wogulitsa azitenge. Ngati mbali ya wogulitsa inaduka pakati, ndalama zimakhala lende: pa zimene mungagwiritse ntchito zachotsedwa, koma pa sitetimenti sizinalembedwe kuti zalipidwa. Pemphani sitetimenti, osati kungoona balansi. Zogwiridwa chonchi zimabwerera zokha, pa zogula wamba nthawi zambiri pasanathe sabata kapena kupitirira pang'ono, koma za mahotela ndi zobwereka galimoto zitha kufika masiku 30. Mukafuna zibwere msanga, pemphani wogulitsa akulembereni imelo yonena kuti malipirowo sanatheke ndipo sadzawatenga, mukaipereke kubanki.

Ngati pa sitetimenti zalembedwa kuti zalipidwa, imeneyo ndi nkhani ina. Wogulitsa akati wabweza, mumuuze akupatseni ARN, nambala yaitali ya manambala 23 imene banki yanu ingalondolere. Akakana kapena akangokhala chete, lembani fomu yotsutsa malipiro kunthambi. Banki yanu ndi imene imakatengera nkhaniyo ku Visa, inu simungapiteko nokha. Pa milandu yambiri malamulo a Visa amapereka masiku 120, ndiye "tikuimbirani" wa miyezi inayi atha kukuphetsani mlandu wabwinobwino. Phatikizani chithunzi cha uthenga wokana uja, maimelo onse ndi sitetimenti.

Za pafoni sizisiya phazi. Mukaimba, lembani tsiku, ola, dzina la amene wayankha ndi nambala ya dandaulo lanu. Akati palibe nambala, ndiye kuti dandaulo silinalembedwe paliponse, ndipo mawa mudzayambiranso kufotokoza kwa munthu wina. Kalata ndiyo yabwino: makope awiri, imodzi adinde chidindo mubwerere nayo. Banki ikalephera kukuthandizani, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira mabanki onse, koma kumeneko adzafuna umboni woti munayamba mwadandaula kubanki kwanu. Kalata yodindidwa ija ndi imeneyo.

Dziwaninso kuti zobwezedwa sizikhala ndendende. Amasintha pa mtengo wa tsiku lobweza, ndipo chindapusa china sichibwerera.

Zomwezi zimachitika pa makina a m'sitolo netiweki ikaduka: makina akuti zakanika, foni ikuti zachoka. Musachoke opanda kalisiti kolembedwa kuti zakanika. Pali nambala ya manambala 12 yotchedwa RRN, ndi imene a banki amasakira. Kajambuleni pomwepo, inki ya timapepala timeneti imafufutika m'chikwama pakangopita masabata ochepa.

Gondwe_ku_Joni

Pali chimodzi chimene sichinatchulidwe: OTP. Mawebusaiti ambiri amafuna kanambala kotumizidwa pafoni musanamalize, a Visa amati Visa Secure, a Mastercard amati Identity Check. Kamapita pa nambala imene ili m'mabuku a banki, osati imene mukugwiritsa ntchito lero. Amene anasintha layini osakauza banki, kapena ali kuno ku Johannesburg SIM ya kumudzi ili m'chikwama, amangoona tsamba likuzungulira mpaka nthawi yatha. Kamathanso mphamvu pa mphindi zochepa, ndiye kakafika mochedwa musakalembe, pemphani kena.

Ndipo malangizo a "yesaninso" aja asamaleni nawo. Kudina kasanu motsatizana pa ndalama yomweyo ndi mmene akuba amachitira, makina amatseka khadi lonse, mawa likukanani ndi pogula mafuta pomwe. Mukalephera kawiri, imani, funsani kubanki nambala ya kukana ija.

Ambiri timangoti "credit card" pa khadi lililonse, pomwe ochuluka kumudzi ndi otapa mu akaunti yako yomwe. Amene ali ndi la ngongole lenileni, ndalama zogwiridwa zija zimadya malire a ngongole, ndipo kuchedwa kulipira kagawo ka pamwezi kumatha kutseketsa khadi ngakhale malire asanathe.

Amayi, poti nkhani yanu mwaiika poyera, muyembekezere mafoni a anthu onena kuti ndi a kubanki, akufuna "kukutsegulirani khadi". Adzapempha manambala atatu a kumbuyo, PIN kapena OTP. Wa banki weniweni safunsa zitatuzi. Dulani foniyo, muimbe nokha nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi.