Thandizeni: chimbale cha Monk chikungolira phokoso

Membala wobisa dzina: Akuluakulu, ndithandizeni musanandiseke. Ndayamba kutolera nyimbo zoyambirira za Thelonious Monk, katswiri wa piyano wa jazz, zija za ku kampani ya zimbale ya Blue Note. Alamu anga a ku Leeds anandigulira chimbale cha mainchesi 10 pa intaneti. Ndalama ndinatumiza ndine, chenji mpaka lero sakuitchula. Katunduyo anachedwanso m'njira mpaka ndinataya mtima, ndiye mayi akunyumba akuti ndikuthera ndalama ya fetereza pa mbale zosadyerapo nsima. Tsono ndachiika pa makina, chikulira ngati mvula pa malata, piyano ikukoka. Andibera kapena? Ndachipukuta kale bwinobwino.

Che Lexington: Nambala ya pa lebulo ndi chani? Popanda nambala tikungolosera. Ngati ndi BLP 5002, ndiye Genius of Modern Music gawo loyamba. BLP 5009 ndi lachiwiri. Mu 1956 anazitulutsanso za mainchesi 12, BLP 1510 ndi 1511, atawonjezera nyimbo. Chenicheni, chodindidwa koyamba, chimalembedwa adiresi ya kampaniyo, 767 Lexington Ave, pa lebulo, chili ndi mzere wakuya wozungulira pa lebulopo, ndipo pamalo osalala pothera nyimbo pali kachizindikiro konga khutu, ka fakitale ya Plastylite. Mukaona "A Division of Liberty Records" dziwani kuti mwagula cha mochedwa, Blue Note itagulitsidwa kale.

Mayi a Tadala: Achimwene, siyani kaye za lebulo. Mbali imodzi ili ndi nyimbo zingati? Mainchesi 10 alipo a mitundu iwiri. Nyimbo za 1947 ndi 1948 zinayamba kutuluka pa zimbale za 78 (zozungulira maulendo 78 pa mphindi), zolemera, zosweka msanga, nyimbo imodzi mbali iliyonse. Za 33 zimakhala ndi nyimbo zingapo mbali imodzi. Ndipo mwapukuta ndi chani?

Kabaza Jazz: Monk amamveka choncho basi bwana, mwina chimbale chili bwinobwino, makutu ndiwo sanazolowere 😂

Che Lexington: Inu a Kabaza, za nthabwala ku depoti. Ndipitirize. Amene akuti akutolera "zoyambirira" adziwe kuti ku Blue Note Monk anajambula kasanu ndi kamodzi monga mtsogoleri: 15 ndi 24 Okutobala komanso 21 Novembala 1947, 2 Julaye 1948, 23 Julaye 1951, ndi 30 Meyi 1952. 'Round Midnight ndi ya 21 Novembala ija. Msampha uli pa za 1948, zomwe muli woimba vibraphone Milt Jackson: zina anaziika pa chimbale cha dzina la Jackson, BLP 1509. Mukagula 1510 ndi 1511 zokha n'kumati mwamaliza, simunamalize.

Ankolo Bebop: Akulu, mukuyambira pakati. Choyamba cha mu situdiyo ndi cha 19 Okutobala 1944, akuimbira woimba saxophone Coleman Hawkins, nyimbo zinayi za kampani ya zimbale ya Joe Davis. Palinso zomwe Jerry Newman ankajambula ku kalabu ya Minton's ku Harlem mu 1941, koma pamenepo samalani: akatswiri amatsutsana ngati amene ali pa piyano m'nyimbo zina alidi Monk, pomwe ogulitsa amangolemba dzina lake kuti mtengo ukwere.

Che Lexington: Za 1944 ndi za Hawkins zimenezo, Monk anali waganyu. Musasokoneze mwana.

Ankolo Bebop: Waganyu amene solo yake pa Flyin' Hawk ikumveka kale kuti ndi Monk? Kamvereninso.

Nambewe: Inu mukukangana, munthu alibe ndi ya fetereza yomwe. Bambo ofunsa, ngati cholinga n'kumva nyimbo, ma CD a 2001 amene katswiri wojambula mawu Rudy Van Gelder anakonzanso ali ndi magawo onse awiri, kuphatikizapo ma take (kujambula kwina kwa nyimbo zomwezo) amene sanatuluke poyamba. Mukafuna zonse pamodzi, kampani ya Mosaic inatulutsa bokosi la ma LP anayi mu 1983, Blue Note inatulutsa la ma CD anayi mu 1994. Za ku Japan, za makampani a King kapena Toshiba, zimalira bwino pamtengo wabwinoko. Chopewa ndi chilichonse cholembedwa stereo: nyimbozi anajambula mono, stereo yakeyo ndi yochita kupanga ndi makina, piyano imamveka patali.

Che Lexington: CD SI KUTOLERA. Kumeneko n'kumvera chabe.

Nambewe: Eya, kumvera. Nanga Monk ankaimbira shelefu?

Mayi a Tadala: Ofunsa, funso langa lija simunayankhe.

Membala wobisa dzina: Pepani mayi, magetsi anathima. Nyimbo ndi imodzi mbali iyi, imodzi mbali inayo. Makina anga ali ndi 33 ndi 45. Ndinapukuta ndi sipiriti pang'ono. Nanga za chenji ija ndiwafunse bwanji alamu?

Mayi a Tadala: Mayo ine. Chimenecho ndi cha 78, palibe wakuberani, koma sipiriti musamugwirenso. Zimbalezi ndi za shellac, mtundu wa utomoni wouma, ndipo sipiriti amasungunula shellac; ngati pamwamba pachita mbuu kapena pakumata, pamenepo papita. Tsukani ndi madzi a distilled ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, burashi yofewa motsata mizere, lebulo isanyowe, chiume tsiku lathunthu. Kukoka kwa piyano n'chifukwa choti mukuchizungulitsa pa 33 kapena 45 m'malo mwa 78. Phokoso lambiri ndi la singano: nsonga ya singano ya LP ndi ya 0.7 mil (mil ndi gawo limodzi mwa 1,000 la inchi), imamira mpaka pansi pa mzere n'kumakanda fumbi, pomwe mizere ya 78 imafuna ya 3 mil. Makina ngati AT-LP120X ali ndi liwiro la 78, mungosintha singano n'kuika VMN95SP. Mawu adzamvekabe osiyanako poti muyezo wa RIAA, womwe makina a masiku ano amatsata posanja mawu, unabwera mu 1954, zimbalezi zitadindidwa kale. Chisungeni choimirira pakati pa makatoni awiri olimba, kutali ndi dzuwa, osasanjikapo kanthu.

Che Lexington: 78?! Ngati nambala ndi 542, cha nyimbo za Thelonious ndi Suburban Eyes, ndicho choyamba chenicheni cha Monk ku Blue Note. 543 ndicho cha 'Round Midnight. Ndipo mwachithira sipiriti! NAMBALA, bambo inu, tipatseni nambala!

Kabaza Jazz: Alamu afunseni pamaso pa alongo awo, chenji ituluka yokha.