Ana a Fomu 3 akuti inertia ndiyo imaimitsa mpira

Wa Physics ku Ntcheu: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni. Ndikuchonga mayeso a Fomu 3, ndipo ana ambiri alemba kuti mpira wogubuduzika pabwalo umaima chifukwa cha inertia. Ena afika poipatsa ma newton, muyeso wa force (mphamvu yokankha kapena kukoka), ngati kuti ndi force. Ndawafunsa, akuti anamva kuti inertia ndi ulesi, ndiye chaulesi chimafuna kupuma. Ndiwachotse bwanji zimenezi m'mutu MSCE isanafike?

Madamu a ku Zomba: Sanangozipeka ayi. M'nyuzi za Chingerezi akalemba inertia ya boma kapena ya kampani amatanthauza kusachita kanthu, ndipo gwero lake ndi iners wa Chilatini, chinthu chongokhala. Koma m'lamulo loyamba la Newton, la mu 1687, nkhani ndi kukana kusintha. Chimene chili phee chimakana kunyamuka, choyenda chimakana kuima kapena kukhota. Mpirawo waimitsidwa ndi friction, kukhulana kwake ndi udzu ndi mpweya. Afunseni za minibasi: dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi, amene wawakankhira kutsogolo ndani?

Bambo a ku Kasungu: Pepani madamu, minibasiyo ndi yomwe imawasokoneza kwambiri. Thupi limamva ngati lakankhidwa, ndiye mwana amaumirira kuti pali force, ngakhale mumuuze kuti galimoto yaima koma iye akupitiriza ulendo. Ine ndimapachika ndowa ziwiri pa nthambi ndi zingwe zotalika mofanana, ina yopanda kanthu, ina yodzaza mchenga. Mwana akankhe zonse. Zikayamba kulendewera, aziimitse ndi dzanja. Yamchenga imavuta poyiyambitsa, imavutanso poyiimitsa, ndipo apa sanganamizire pansi chifukwa sikugunda pansi. Akatero amavomera yekha kuti inertia imayendera mass, makilogalamu, osati ma newton.

Wa Physics ku Ntcheu: Nanga ija yoika kobiri pa kadi pamwamba pa kapu, n'kuchotsa kadiyo mwachangu kobiri n'kugwera m'kapu, ndiisiye?

Bambo a ku Kasungu: Chitani, imasangalatsa, K10 yachitsulo imakwanira. Koma imangoonetsa chinthu chokana kunyamuka, zomwe anawo akuzidziwa kale. Muyambe ndi ndowa.

Madamu a ku Zomba: Chingwecho chikhale cholimba, ndipo aime chapambali, mchenga ndi wolemera. Mukatha, abwezereni funso la mpira lija alembenso.

Wa Physics ku Ntcheu: Zikomo akuluakulu. Mtengo wa mango tili nawo kuseri kwa labu, ndowa ndibwereka kukhitchini Lachinayi.