Motorhome (galimoto yokhala ndi nyumba mkati) ya kasitomala aithyolanso kachiwiri, ndimange chiyani pachitsekochi?

Mwale wa ku Bradford: Akuluakulu thandizeni msanga, mutu waima. Kasitomala uja wabweranso, chitseko cha habitation, cholowera mbali yogona, achithyolanso. Barrel, kachitsulo kolowetsamo kiyi, ndinasintha mu Juni, lero wabwera nayo m'manja. Anangolowetsa sikuludalaiva n'kupotokola, mawafer, tizitsulo ta mkati mwa loko, onse phwanyu. Atenga TV ndi laputopu. Akundiyang'ana ngati mbavazo ndinazituma ndine, komanso Lachisanu akufuna anyamuke ndi ana ulendo wa ku Scotland. Ndiikenso barrel yomweyo kapena ndiwonjezere Fiamma Safe Door, loko woikidwa kunja kwa chitseko? Khoma ndayeza, 32mm.

Madala Banda, Germiston: Mwana wanga, timaloko timeneto ndi zidole. Ika hasp yachitsulo yokolekapo loko, mabawuti anayi, loko wamkulu wa pageti. Ine makalavani a Jurgens, nyumba zokokedwa ndi galimoto, ndawagwira zaka zambiri kuno ku Joni. Mbava imaopa chitsulo chimene ikuchiona ndi maso.

Nabanda: Madala, hasp imeneyo igwira pati? Khomalo ndi chikopa chopyapyala kunja, foam pakati, pulayi wa 3mm mkati. Sikulu ingolowa ngati m'nsima. Achimwene a Mwale, chilichonse mungaike, bawuti idutse khoma lonse ndipo mkati muike plate yotakata, apo ayi akakoka ndi chitsulo amazula ndi khoma lomwe. Koma musanaboole funsani ngati warranty ya chinyezi, chitsimikizo cha kampani choti madzi salowa, idakalipo. Bowo limodzi lokha atha kukukanirani warranty-yo.

Gondwe: Za chinyezizo ndi zoona. Chaka chatha anandibweretsera kalavani imene wina anaiboola n'kumata ndi silikoni wa kubafa. Dzinja ziwiri zokha. Nditachotsa panelo, thabwa la m'mbali mwa chitseko linali lakuda bii, ndikalikanikiza ndi chala madzi n'kumatuluka, fungo ngati la m'khola. Loko anali bwinobwino, wowala, koma atagwira pa chinthu chowola. Gwiritsani zomatira za Sikaflex, pukutani kaye malowo, mudikire iume. Ndipo yang'anani mawaya a 12V, ambiri amadutsa m'mbali mwa felemu kupita ku nyale ya panja ndi sitepe. Ine ndinadulapo imodzi, ndinagona mochedwa tsiku limenelo.

Madala Banda, Germiston: Ndiye mwavomereza nokha, plate mkati, bawuti zodutsa. Ndi hasp yomwe ndikunenayo.

Mayi a Tadala: Ayi madala, pamenepa ndikana. Loko wotsekera kunja kokha ndi woopsa. Tili pa kampu ina, bambo wina anapita kukasamba m'mawa n'kukhoma kunja mwachizolowezi, mkazi ndi mwana ali mtulo. Mayiyo anadzuka akumva fungo la gasi, chitseko osatseguka. Mwana anamutulutsira pazenera, ife tikulandira. Ndikakumbuka mpaka lero m'mimba mumandiwawa. M'galimotomo muli silinda ya gasi, chitofu ndi hita. A Mwale, mwanena kuti muli ana. Chimene mungaike chikhale choti munthu ali mkati atha kutsegula mumdima, kapena choti chimakhomeka chili chotsegula kuti wodutsa asawatsekere.

Gondwe: Komanso tisanamizane, mukalimbitsa chitseko amapita pazenera. Ndi acrylic, togwirira take ndi tapulasitiki. Zitseko za ku cab, kwa dalaivala, nazonso ikani maloko a HEOSafe kapena lamba womanga zogwirira ziwirizo usiku. Muuzeni kasitomala zoona, tikungowachedwetsa akubawo ndi kuwachititsa phokoso. Laputopu asamaisiye m'menemo.

Mwale wa ku Bradford: Zenera silinakhudzidwe. Warranty akuti sakudziwa, mapepala ali kunyumba. Nthawi ikutha abale.

Nabanda: Musachotse kanthu musanajambule. Zithunzi za barrel, felemu, pamene panalowa chitsulo. Inshuwalansi idzafuna umboni woti anathyoladi, ndi nambala ya mlandu ya kupolisi, aimbe 101 ngati sanaimbe. Felemu ikakhala yopindika, loko watsopano sakwata bwino, yezani kaye ndi rula.

Madala Banda, Germiston: Inu mudzasintha barrel kachitatu, mudzandikumbuka. Chitsulo basi. Akagona amachotsa lokoyo, vuto lili pati?

Mayi a Tadala: Akachotsa loko, hasp imatsala panja, madala. Aliyense wodutsa atha kukolekapo msomali.

Chisale: Pepani ndalowerera. Mlamu wanga wapeza kalavani yotchipa pa Facebook, koma nambala ya pamazenera ena yapalidwa. Wogulitsa akuti anapala ndi ana.

Gondwe: Athawe aise, itha kukhala yakuba. Nambala ya CRiS, kaundula wa makalavani ku UK, ili ndi zilembo ndi manambala 17, iyenera kufanana pamazenera ndi pa chassis. Makalavani opangidwa ku UK kuyambira 1992 amalembetsedwa kumeneko, achite cheke asanapereke ndi kobiri lomwe.

Chisale: Watumiza kale dipoziti. Ndimuimbira pompano.

Nabanda: A Mwale, Lachisanu ladutsa, munaika chiyani?

Madala Banda, Germiston: Aliyense amene akubwera kuno mu Disembala andiuze, ndili ndi katundu wopita ku Mzimba.