Tinthu ting'onoting'ono timene anthu aponya pa ntchito ya mjigo, tizititcha chiyani?

Wa ku Mufakose:
Akuluakulu, ndithandizeni msanga, fayilo ikufunika Lachisanu m'mawa ndipo ndakakamira pa liwu limodzi kuyambira dzulo. Kasitomala ndi bungwe lina lomwe likukumbitsa mijigo cha ku Glen View ndi Budiriro, muno mu Harare. Akufuna fomu yolembapo zomwe anthu a m'dera apereka ikhale m'Chishona, Chindebele ndi Chichewa, ndipo ine ndikumasulira ya Chichewa. Kabokosi koyamba ndi ka ndalama zikuluzikulu, pamenepo palibe vuto, ndalemba "Zopereka". Kachiwiri kali ndi micro-contributions. Ndawafunsa kuti akutanthauzanji, akuti mayi amene waphikira okumba nsima tsiku limodzi, mnyamata wobwereketsa wilibala, njerwa khumi, dola imodzi yotumiza pafoni pa EcoCash, bambo wolondera pampu ndi masola usiku umodzi. Zonsezo akufuna dzina limodzi, losapitirira zilembo 12 chifukwa lilowanso m'menyu ya pafoni. Mu TM (nkhokwe ya zimene tinamasulira kale) mulibe, mu glossary (mndandanda wa mawu) yawo mulibe, pulogalamu yomasulirira ya memoQ ikungondifiirira. Ndinayesa "tithandizo", reviewer, wounika zimene ndamasulira, wabweza, akuti zikumveka ngati tikuwaseka anthuwo. Ndipange liwu latsopano kodi? Magetsi nawonso athima, ndikulemba pafoni.

Bambo a ku Highfield:
Mwana wanga, mukufuna kupanga liwu pomwe liwu lilipo kale? Dima. Kumudzi munthu akafuna kulimitsa munda kapena kufolera nyumba amafulula mowa kaya thobwa, anthu nkubwera aliyense ndi khasu lake. Palibe wolipidwa, aliyense amalima mzere wake nkumapita. Zilembo zinayi zokha. Lembani dima mukagone.

Mayi wa kukhothi:
Achimwene a ku Mufakose, reviewer wanuyo sanalakwe. Ka- ndi ti- ndi mpeni wakuthwa kuwiri. Mwiniwake akanena kuti "ndabwera ndi kathandizo kanga" ndi ulemu, akudzichepetsa. Koma wolandira akalemba yekha pa fomu kuti "tithandizo", ndiye kuti wanyoza. Ndipo m'Chishona ka- ndi tu- zimaluma chimodzimodzi, choncho ana athu obadwira kuno adzamva chitonzocho kawiri. Bwanji kangachepe? Zilembo 10, aliyense amalidziwa.

Wa ku Mabvuku:
Ayi amayi, kangachepe ayi, chonde. Ine linandiwotcha limeneli. Zaka zapitazo ndinamasulira chikwangwani cha pa kiliniki ina, chopempha anthu kuti asonkhe ndalama yogulira mababu a m'chipinda chodikirira. Ndinalemba bwinobwino kuti "perekani kangachepe". Patangotha sabata anandiimbira. Agogo ena anafika pa windo, namasula mfundo ya pa chitenje, natulutsa dola yopindapinda nkuyilowetsa pansi pa khadi lawo la chipatala, akumunong'oneza namwino kuti "ndi kangachepe kaja mwalemba pakhomo, mundione msanga". Namwinoyo anangoti kakasi, pamzere anthu akuyang'ana. Chikwangwani anachichotsa tsiku lomwelo, ndipo ndalama yanga ndinailandira patapita miyezi itatu, nayonso yodulidwa. Masiku ano kangachepe ndi ka pa rodibuloko. Mukaika pa fomu ya mjigo, wina adzayesa kuti ndi ya kutsogoza ndowa yake pamzere.

Mayi wa kukhothi:
Ha, zoona. Ndi ine ndemwe ndimalimasulira liwuli kukhothi pa milandu ya ziphuphu, koma lero ndaiwala. Ndabweza mawu anga.

Wa ku Mufakose:
Zikomo. Nanga msonkhamsonkha? Ndawerenga, zilembo 14, sizikukwana. Msonkho ukukwana koma ndikuopa.

Mphunzitsi wa ku Dzivarasekwa:
Opani ndithu. Msonkho ndi wa boma, ndipo kwa ife a kuno liwuli lili ndi mbiri yake. Agogo athu ambiri anachoka ku Nyasaland wapansi, kudutsa ku Tete mpaka kudzafika ku Salisbury (Harare wa lero), kudzasaka ndalama ya msonkho wa nyumba. Munthu wa zaka 80 wa ku Mbare akaona "msonkho" pa fomu abisa chiphaso chake.

Ndipo pamene tili pomwepa, wina asabwere ndi thangata. Ndikudziwa kuti kuthangata poyamba kunali kuthandizana basi, liwu labwino lomwe likanakwana pa kabokosi kanuko popanda vuto. Koma eni minda ya ku Shire Highlands analitenga nkulisandutsa ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu January 1915, mpaka anthu ake anakathira nkhondo ku Magomero. Ngakhale thandizo lenilenilo lili ndi chipsera. Bungwe lolemba anthu ntchito za m'mafamu a ku Southern Rhodesia kwathu ankalitcha Mthandizi. Malemu agogo anga aamuna akamva liwu limeneli ankalavula malovu pansi. Mawu athu onena za kuthandizana anagwiritsidwa ntchito ndi anthu otidyera masuku pamutu, nchifukwa chake mukuvutika kupeza loyera.

Bambo a ku Highfield:
Ndiye mwaona? Thangata lada, msonkho wada, kangachepe kada. Dima silinade. Palibe mzungu anagwirapo dima.

Wa ku Mabvuku:
Abambo, mwaulemu, dima ndi tsikulo, ndi mwambo wonse, osati chimene munthu wabweretsa. Simunganene kuti "ine dima langa ndi njerwa khumi". Achishona ali ndi dima lawo, nhimbe, koma ndikukayika ngati womasulira wa Chishona walemba nhimbe pa kabokosi kameneko, pa chifukwa chomwechi. Komanso pa dima pamakhala mowa, pomwe theka la makomiti a mijigo ndi azimayi a mvano. Ndipo mwana wa ku Budiriro amene Chichewa amangochimva kwa agogo ake adzawerenga kuti mdima.

Bambo a ku Highfield:
Akawerenga mdima ndiye mumuphunzitse. Ntchito yathu ndi imeneyo. Malamulo a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Anatiikamo kuti tizibisa mawu a makolo poopa ana?

Wa pa wailesi:
Ndalowa mochedwa, pepani. Ine ndikufuna ndikukumbutseni za pa maliro, chifukwa chinthu mukuchifunachi timachichita mwezi uliwonse. Ku Mbare mwezi watha ndinakhala pafupi ndi mlembi wa sosaite ya maliro. M'buku mwake munali masamba awiri. Lina la chipepeso, chimene anzathu amati chema, pamenepo ndalama ndi dzina. Tsamba linalo linalibe mutu. Amayi ankabwera wina ndi kambale ka ufa, wina nkhuni ziwiri pamutu, wina kabichi mmodzi, wina chigubu cha madzi chifukwa pampopi panali pouma. Mlembi ankangolemba dzina, mzere, "ufa". Dzina, mzere, "nkhuni". Nditamufunsa kuti tsambali mumalitcha chiyani anandiyang'ana ngati ndapenga, akuti "ndi zimene anthu abwera nazo". Mwina vuto lili pamenepo. Chizungu chikufuna dzina loyeza kukula kwa chinthu, pomwe ife timatchula chinthucho ndi mwini wake, osanena kuti nchachikulu kapena nchaching'ono.

Koma ngati kabokosi kakufuna liwu ndithu, yang'anani pa mneni. Timati kusonkha ndalama, timatinso kusonkha moto. Aliyense amakankhira chikuni chake pansi pa mphika. Chisonkhezero?

Wa ku Mufakose:
Chisonkhezero ndi 13. Chilembo chimodzi chokha, ndikulira.

Mayi wa kukhothi:
Musalire, chakupulumutsani chilembo chimenecho. Kusonkhezera kwa ife ndi mlandu, kusonkhezera anthu kuti achite zipolowe. Akadzalibwezera m'Chingerezi (back-translation) nkufika kwa kasitomala ngati incitement pa fomu ya bungwe loyenda m'makomboni a Harare, mudzafotokoza mpaka kucha. Ine ndinaonapo womasulira mnzathu akutuluka thukuta pamaso pa woweruza chifukwa cha liwu lomwe analipanga yekha madzulo. Loya anangomufunsa kuti lili mu dikishonale iti. Panalibe yankho.

Mphunzitsi wa ku Dzivarasekwa:
Ndi chifukwa chake ine sindikonda kupanga mayina ndi chi- ndi -o ngati tikuumba njerwa. Kale ku Malawi kunali Chichewa Board, liwu likatuluka kumeneko wailesi nkulibwereza mpaka lizolowereke. Pano kuli Centre for Language Studies ku Zomba, koma sangakuyankheni pofika Lachisanu. Ife kuno tilibe wotikhomera chidindo. Liwu mukalipanga lidzakhala pa fomu imodzi, mawa wina wa ku Lusaka adzapanga lake, mu TM mudzakhala mawu atatu a chinthu chimodzi.

Chichewa chili kale ndi kachida kochepetsera popanda kunyoza, ndi -ko uja wa kumapeto. Kudya ndi kudyako, kuthandiza ndi kuthandizako. Munthu akati "ndaponyako" wanena kuti si ine ndekha, alipo ena, ndipo zanga sizinamalize ntchito. Ndiye "Zoponyako", zilembo 9. Si liwu latsopano kwenikweni, ndi mmene anthu amayankhulira kale.

Wa ku Mabvuku:
Zoponyako zikukoma pa ndalama ndi njerwa. Koma wolondera usiku uja waponya chiyani? Tulo?

Wa pa wailesi:
Waponyako tulo ndithu, kikiki. Koma kunena zoona, musanatumize kaliyeseni pakamwa. Ife liwu lililonse lokayikitsa la m'nkhani za Chichewa timayamba taliwerenga mokweza, chifukwa pepala limabisa zambiri. Pitani pa mjigo uliwonse m'mawa, pamzere pamakhala amayi a kwathu osachepera awiri atatu, muwawerengere kuti "Zopereka, Zoponyako" muone nkhope zawo. Akaseka, funsani chimene chawaseketsa. Ndipo mufunse womasulira wa Chishona kuti walemba chiyani, chifukwa anthu adzaona mizere yonse itatu pamodzi, ndipo ambiri adzayamba kuwerenga wa Chishonawo.

Mayi wa kukhothi:
Komanso mulembe ndemanga mu fayilo kuti liwulo ndi loyesera, reviewer asaine. Zikadzavuta musadzasenze nokha. Ndipo musalole kuti akuwerengereni ngati liwu limodzi pa invoisi, mwataya masiku awiri.

Wa ku Mabvuku:
Pa nkhani ya invoisi, alipo amene akulipidwabe m'madola ndi mabungwe a m'tauni muno? Wina wandiuza kuti andipatsa ZiG, ndalama ya dziko lino, pa reti ya kubanki, ntchito ya masamba 40. Ndikane kapena?

Mphunzitsi wa ku Dzivarasekwa:
Zimatengera mgwirizano munasainirana. Ngati munalemba madola, madola. Nditumizireni kumbali ndione.

Bambo a ku Highfield:
A ku Mufakose angoti zii, kaya magetsi sanayakebe. Mukadzuka muwerenge bwino. Wolondera usiku, wophika nsima, wa wilibala, onsewo abwera ku dima. Ndinakulira ku Dedza ine, ndalimapo pa dima ndisanakwere sitima yobwera kuno. Zoponyako zanuzo ndi za pa bawo.

Wa ku Mabvuku:
Aphunzitsi, ndatumiza. Tsamba lachiwiri, pansi.