Camshaft yaikulu ndi malire a pampu ya mafuta pa injini ya LT1

Wofunsa:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Galimoto yanga ili ndi injini ya LT1 ya malita 6.2, yopangidwa ndi General Motors, ndipo ndikufuna kuikamo camshaft yaikulu yotsegula mavavu nthawi yotalikirapo, kenako ndizidzathira E85, mafuta osakaniza petulo ndi ethanol wofika mpaka 85 peresenti. Ena akundichenjeza kuti pampu ya mafuta idzaperewera. Kodi camshaft ndi pampu zikukhudzana bwanji, poti ine ndimadziwa kuti pampu imakhala m'thanki ndipo imayendera magetsi?

Yankho loyamba:
Bambo, pampu ya m'thanki ilipodi, koma injini yanuyo ili ndi mapampu awiri. Popeza LT1 imapopera mafuta m'silinda mwenimwenimo, imafuna puresha yofika pafupifupi 150 bar, pomwe injini zakale zopopera mafuta m'njira ya mpweya zinkangofuna 3 kapena 4 bar. Puresha imeneyi imachokera ku pampu yachiwiri, ndipo chimene chimaikankha ndi camshaft yomweyo, imene kumapeto kwake ili ndi lobe (mbali yotukuka) ya nsonga zitatu. Camshaft ikazungulira kamodzi, pampu imakankhidwa katatu, choncho mafuta amene ingapereke amadalira kutalika kwa nsongazo ndi liwiro la injini, osati zimene kompyuta yapempha. Mukachulukitsa mpweya wolowa, mafuta ofunika amachulukanso, ndipo E85 payokha imafuna mafuta oonjezera pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi petulo wamba. N'chifukwa chake opanga camshaft ambiri amagulitsa zokhala ndi lobe yokulitsidwa ndi 32 kapena 38 peresenti. Ine ndingasankhe yoteroyo, chifukwa kumasula injini kawiri ndi ntchito yowawa.

Yankho lachiwiri:
Ndikuvomereza zimene anena anzangawa, koma lobe yaikulu si mankhwala a matenda onse. Pampu ili ndi malire a mtunda umene kapisitoni kake kangayende, ndipo makaniko akapanda kuyeza bwino n'kuikapo lash cap (kachipewa kachitsulo kochepetsa mpata kunsonga kwa kapisitoniko) yosayenera, kapisitoniko kamagunda kumapeto kapena kutsala ndi mpata, pampu n'kuwonongeka msanga. Palinso mainjekita, amene pa injini zotere amakhala ndi kanthawi kochepa kopopera mafuta moto usanayake, moti pampu ikakula malire amangosamukira kwa iwo. Pa chifukwa chimenechi ambiri amatenga pampu ndi mainjekita a LT4, injini ina ya General Motors yamphamvu kuposa LT1, kapena kuonjezera mainjekita ena m'njira ya mpweya.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri. Nanga ndingadziwe bwanji kuti ndafika pamalire injini isanawonongeke?

Yankho lachitatu:
Musadalire makutu kapena mmene galimoto ikuthamangira. Wokonza pulogalamu ya kompyuta ajambule manambala pamene mwaponda moto wonse, ndipo muyerekeze puresha imene kompyuta ikupempha ndi imene ikupezekadi. Mizere iwiri yosonyeza mapuresha amenewa iyenera kuyendera limodzi. Wachiwiri ukayamba kutsika n'kusiyana ndi woyamba, ndiye kuti pampu yatopa, mafuta achepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo kutentha kwake kungathe kusungunula m'mphepete mwa pisitoni. Muonenso puresha ya pampu ya m'thanki, pakuti iyo ikalephera kudyetsa inzake, pampu yabwinobwino imaoneka ngati yolakwa. Muyambe ndi petulo wamba, ndipo ethanol muzimuonjezera pang'onopang'ono pokhapokha manambala akasonyeza kuti mpata udakalipo.