Ndi mantha kapena ndi matama? Ndithandizeni kuzilekanitsa

KalalikiWakale walemba:

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga muno osalembapo kanthu, koma lero zandifika pakhosi.

Ndili ndi zaka 47, ndipo ndasunga katundu pa kampani ina kwa zaka 16. Zonse ndinkalemba pamanja, m'mabuku ndi pa makadi: cholowa, chotuluka, chotsala. Mukanandidzutsa pakati pa usiku n'kundifunsa kuti mabawuti a saizi yakuti atsala angati, ndikanakuyankhani maso ali chitsinzire. Miyezi isanu yapitayo abwana anati zonse zilowe mu kompyuta, n'kulemba ntchito mtsikana wa zaka 24 woti azindithandiza. Mwanayo akatsegula Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengetsera manambala, zala zimangovina pa kiyibodi.

Anatiphunzitsa masiku awiri. Ine ndinasokonezeka tsiku loyamba lomwelo 10 koloko isanakwane, koma wophunzitsa akafunsa kuti "tili limodzi?" woyamba kugwedeza mutu ndinali ine. Kuchokera pamenepo ndimalembabe m'buku langa lakale mobisa, ndiye anthu onse akaweruka ndimatsalira n'kumalimbana ndi kompyuta ndekha, chala chimodzichimodzi. Kawiri konse manambala sanagwirizane, ndipo kawiri konseko ndinanena pamsonkhano kuti "sisitimu yanuyi ndi imene ili ndi vuto". Mtsikanayo anangozolika. Ankadziwa kuti wolakwitsa ndine, inenso ndinkadziwa kuti akudziwa.

Lolemba lililonse m'mawa m'mimba mumandipota, m'manja thukuta, kukamwa gwaa. Nditauza mayi a kunyumba kuti ndili ndi mantha, anandiyankha asanatule n'komwe simbi yositira: "Amenewo si mantha bambo, ndi matama. Mwana ali pambali panu tsiku lonse, chikukukanikani n'chiyani kumufunsa?" Ndinakwiya masiku awiri.

Ndiye ndikufunseni. Munthu wa matama amanjenjemera chonchi? Ine ndimaona ngati wodzimva ndi uja woyenda chifuwa patsogolo, osati wobisala ndi buku m'dirowa. Kodi chimene anthu amachitcha ego ndi chimenechi? Ndipo amachigonjetsa bwanji?

NesiWausiku wayankha:

Bambo, za m'thupizo ndi mantha enieni, musadzikayikire. Mkati mwa ubongo muli tiziwalo tiwiri ting'onoting'ono totchedwa amygdala, kena kumanja kena kumanzere. Ntchito yake ndi ya mlonda: kuliza wezulo munthu usanayambe n'kuganiza komwe. Wezulo akalira, tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso timatulutsa m'magazi mankhwala otchedwa adrenaline. Mtima umathamanga, magazi amakhamukira ku minofu ya miyendo ndi mikono, ntchito ya m'mimba imayamba yaima kaye, malovu amauma. Wasayansi Walter Cannon wa ku yunivesite ya Harvard anazifotokoza kalekale mu 1915, kuti thupi limakhala likukonzekera kumenya kapena kuthawa.

Tsono mlondayu ndi wopusa pang'ono. Sasiyanitsa njoka ndi mtsikana wa zaka 24 wodziwa Excel. Kwa iye ngozi ndi ngozi basi. Ndipo taonani, zonse ziwiri mwazichita kale: kutsalira madzulo ndi buku ndiko kuthawa, kunamizira sisitimu pamsonkhano ndiko kumenya.

Mayi a kunyumba sanalakwitse, inunso simunalakwitse. Funso ndi lakuti mlondayo akulondera chiyani. Thupi lanu palibe akuliopseza. Chimene chili pangozi ndi bambo uja amene amadziwa mabawuti maso ali chitsinzire, amene munamumanga zaka 16. Ego ndi ameneyo. Matama ambiri amene ndawaona m'chipatala, kwa madokotala ngakhale kwa ife anamwino, ukawavundukula pansi pake umapeza munthu akunjenjemera.

Chothandiza pompopompo: potulutsa mpweya muzichedwa kuposa pokoka, kokani kuwerenga mpaka 4, tulutsani mpaka 6 kapena 8, kangapo. Mtima umatsikako. Koma kupuma sikuphunzitsa munthu kompyuta.

ChilungamoKaye wayankha:

Ine ndisiyaneko nanu pang'ono. Masiku ano chilichonse anthu akungoti ego, ego, ngati ndi matenda ofunika kuwazula. Mawuwo ndi a Chilatini ndipo amangotanthauza "ine". Freud, katswiri wa za maganizo, polemba za nkhaniyi mu 1923 anagwiritsa ntchito mawu wamba a Chijeremani otanthauza "ine", omasulira ndi amene anaikapo Chilatinicho. Kwa iye ego sanali matama ayi, anali mbali ya munthu imene imayang'ana mmene zinthu zilili n'kusankha chochita pakati pa zilakolako ndi chikumbumtima. Mukaipha imeneyo mutsala ndi chiyani?

Komanso tisanamizane. Munthu wa zaka 47 amene ntchito yake yalowa mu kompyuta, ndipo pambali pake aikapo wachinyamata wodziwa, ali ndi chifukwa chomveka choopera. Makampani amachotsadi anthu. Kumuuza kuti ndi maganizo chabe n'kumunyoza.

Pamene ndikugwirizana ndi mayi a kunyumba ndi apa: njira imene mwasankha yodzitetezera ndi imene ingakuchotsetseni ntchito. Wosadziwa Excel amaphunzitsidwa. Wonamiza abwana za manambala kawiri, kachitatu samukhulupiriranso. Safunsa anadya phula, achimwene, ndipo inu mwayamba kale kutafuna.

Kamtsitsi98 wayankha:

Pepani akuluakulu, ndilowererepo ngakhale ndine mwana. Ine ndili mbali inayo. Ndili ndi zaka 26, ndipo pamene ndimagwira ntchito pali bambo wina ngati inuyo. Chaka chathunthu ndinkaona akulakwitsa fomyula imodzimodzi, ine n'kumakonza mwakachetechete iwo akatuluka. Mukudziwa chifukwa chake? Ndinkawaopa. Ndinkaopa kuti ndikanena aziti kamwanaka n'kodzimva, kabwera dzulodzuloli. Usiku ndinkagona ndi nkhawa yoti tsiku lina adzazindikira kuti katundu weniweniyo sindimudziwa, ndimangodziwa timabokosi ta pa sikirini.

Tsiku limene anakoka mpando n'kunena kuti "mwanawe, tandionetsa apa", ndinapepukidwa moti ndinatsala pang'ono kulira. Sindinawapeputse ngakhale pang'ono. Mawa lake inenso ndinapeza mphamvu yowafunsa zinthu zimene ndinkanamizira kudziwa.

Mtsikana wanuyo pozolika paja mwina sankakusekani mumtima. Mwina ankawerengera kuti akayankhula ntchito imuthera ndi iyeyo.

MphunzitsiWopuma wayankha:

Ndaphunzitsa zaka 31, ndipo mwana wogwedeza mutu msangamsanga ndinkamudziwa kuti ndi amene watayika. Sindinkaganiza kuti ndidzakhala ine, mpaka mdzukulu wanga atayamba kundiphunzitsa foni. Koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mwafunsa kuti amachigonjetsa bwanji. Choyamba mvetsani chifukwa chake manthawo akukula m'malo mochepa, chikhalirecho miyezi isanu yadutsa. Nthawi iliyonse mukazemba kufunsa, mtima umakhala pansi kwa kanthawi. Kampumulo kameneko ndi malipiro, ndipo ubongo umaphunzira kuti "tapulumuka chifukwa tinazemba". Mawa udzaliza wezulo mokweza kuposa dzulo. Simunaupatse mpata woona kuti mukanafunsa denga silikanagwa.

Dokotala wina wa maganizo wobadwira ku Johannesburg, Joseph Wolpe, cha m'ma 1950 ankathandiza anthu amantha powalembetsa makwerero: zinthu zimene amaziopa, kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu, n'kumakwera limodzilimodzi, osalumpha. Katswiri wina wa za maganizo, Albert Bandura, naye, atagwira ntchito ndi anthu oopa njoka, analemba mu 1977 kuti chimene chimalimbitsa munthu kwambiri kuti "ndingathe" si mawu omulimbikitsa, koma kuchita chinthucho yekha n'kuona kuti chatheka. N'chifukwa chake kudziuza pagalasi kuti ndine mkango sikupita patali.

Makwerero anu ndikuwaona chonchi, mukonza nokha. Pansi penipeni: funso limodzi laling'ono kwa mtsikanayo muli awiriwiri, loti yankho lake silipitirira mphindi ziwiri. Osayamba ndi kupepesa kwa mtunda wautali, osafotokoza mbiri ya zaka 16. Kenako kumupempha theka la ola kawiri pa sabata. Pamwamba pake, kunena kuti "apa sindinamve" pali anthu atatu kapena anayi. Pamwamba penipeni pali manambala aja munanamizira sisitimu. Amenewo adzafunika kuwabweza, koma musayambire pamenepo, mungathyoke mwendo.

Musadikire kuti mantha athe kaye. Amatha pambuyo, osati patsogolo.

China choti chikupepuzeni. Thomas Gilovich ndi anzake ku yunivesite ya Cornell anaveka ophunzira malaya okhala ndi chithunzi chochititsa manyazi n'kuwalowetsa m'chipinda muli anzawo. Ovalawo ankaganiza kuti pafupifupi theka la anthu laona chithunzicho. Amene anachizindikira anali pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Zinasindikizidwa mu 2000. Anthu a pamsonkhano wanuwo aliyense ali kalikiliki kubisa buku lake m'dirowa yake.

Ndipo musaiwale kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma mutu woti ametewo mwini wake ndinu. Kompyuta ikanena kuti atsala 400 pamene pashelefu pali 40, woona msanga kuti pali bodza ndi inu, osati iye.

Ngati kupota kwa m'mimbako kwafika pokulandani tulo masabata ambiri, kaonaneni ndi achipatala. Si ulesi, si misala.

ChilungamoKaye wayankha:

Aphunzitsi, zonse ndavomera kupatula kuchedwetsa za manambala. Pamene bamboyu akukwera makwerero ake pang'onopang'ono, mwana wa eni ake akusenza bodza losakhala lake. Kwa abwana angadikire, koma kwa mtsikanayo apepese sabata ino.

KalalikiWakale wayankha:

Zikomo nonse. Ndawerenga kangapo, makamaka za Kamtsitsi98. Sindinaganizepo ngakhale kamodzi kuti mwanayo angamandiope ine. Miyezi isanu yonseyi m'mutu mwanga munali ine ndekha.

Lachinayi ndinayesa. Ndinakonzekera funso kuyambira m'mawa, n'kulifunsa 3 koloko masana. Mawu anatuluka okalipa, ngati ndikumuimba mlandu: "Iwe, izi zimatheka bwanji kuti ziziwonkhetsa zokha?" Anadzidzimuka, kenako anakoka mpando. Zinatenga mphindi zosakwana zisanu. Chinthu chimene ndakhala ndikuchiwonkhetsa pa kakyuleta madzulo alionse kuyambira mwezi wachiwiri.

Lachisanu ndinali nditaiwala. Kufunsa kachiwiri kunandivuta kuposa koyamba, sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinafunsa, ndipo ulendo uno ndinalemba masitepe ake kumapeto kwa buku lomwe lija. Iye anandifunsa kusiyana kwa mawashala awiri amene mu sisitimu ali ndi dzina limodzi. Ndinapita naye kushelefu n'kumugwiritsa m'manja.

A Chilungamo, kupepesa sindinapepese. Ndinatsegula pakamwa kawiri, mawu osatuluka. Msonkhano uli Lolemba 8 koloko ndipo m'mimba mwayamba kale. Ndimuuze iyeyo kaye pa yekha tisanalowe, kapena ndingonena pamaso pa onse kamodzi n'kamodzi zithe?