Pulogalamu imene ndasankha posonkhanitsa ntchito zanga zojambula

Mwezi wathawu ndinafunsa kuti ndi pulogalamu iti imene ingandithandize kusonkhanitsa pamodzi ntchito zanga zojambula pa kompyuta, kuti ndizizionetsa pofunsira ntchito. Ambiri munatchula Adobe Portfolio, Behance ndi Canva, ndipo ndikuthokoza kwambiri.

Adobe Portfolio ndayamba ndaisiya, chifukwa imafuna kuti munthu azilipira Creative Cloud, lomwe ndi gulu la mapulogalamu a kampani ya Adobe, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipira m'madola chikupweteka m'thumba. Behance nayonso ndi ya Adobe, koma kutsegulako tsamba n'kwaulere, choncho ndatsegula. Canva ndi yosavuta chifukwa ili ndi masamba okonzedwa kale, komabe sindikufuna kuti bwana aone kapangidwe kamene wakaona kale kwa anthu ena ambiri.

Chimene ndadalira kwambiri ndi PDF, fayilo ya masamba imene ndingathe kuitumiza pa imelo. Kuno ku Luchenza bandulo sichedwa kutha munthu ukamagwira ntchito pa intaneti tsiku lonse, n'chifukwa chake ndikujambula ndi Inkscape ndi kusanja masamba ndi Scribus, mapulogalamu aulere amene safuna netiweki ukangowaika pa kompyuta. Mu PDF imeneyi ndaikamo ntchito zochepa zimene ndingathe kuzifotokoza bwino ndikafunsidwa, monga paketi ya tiyi yobiriwira imene ndinapanga poyeserera ndi chikwangwani cha ogulitsa nanazi m'mbali mwa msewu wa ku Mulanje. Zithunzi ndazichepetsa kulemera, popeza Gmail salola kuphatikiza fayilo yopitirira 25 MB pa kalata, ndipo ndaonetsetsa kuti zilembo zikuwerengeka bwino ngakhale pa foni.